Mchere pa Fodya Wanga

Tsiku limenelo ndinaweruka kumunda dzuwa litalowa kale, msana ukuwawa. Unali mwezi wa Febuluwale, fodya atapsa yense nthawi imodzi. Masamba amene ndinathyola ndinangowaunjika m'chigafa, ndati ndidzaona mawa. Wondisokera fodya anali mkazi wanga Faines, ndipo Faines kunalibe.

Ndikuuzeni mmene anapitira. Mwana wathu Tadala anakwatiwa ku Pemba, ku Mozambiki, ndi mnyamata woyendetsa boti la matanga. Anatiitana tonse awiri kuti tikadye nawo Khirisimasi panyanja yamchere, masiku atatu tikuyenda m'botimo m'mbali mwa gombe. Faines anasangalala ngati mwana, mpaka kukasoketsa diresi ku Madisi. Ine ndinakana. Ndinati, "Disembala ndi wowokera fodya. Fodya sadikira munthu. Pitani nokha." Ndinalankhula mokalipa, ndisaname.

Tsiku lachiwiri la ulendo wapanyanjawo mphepo inagubuduza boti. Onse anawavuula. Faines yekha sanapezeke.

Abale ake anabwera katatu. Anati munthu akasowa m'madzi timaika thunthu la nthochi m'manda m'malo mwake, kuti mzimu wake udziwe pogona. Ndinawabweza. Ine Benjamini, mkulu wa mpingo, ndilire nthochi? Koma chenicheni n'chakuti kuika nthochiyo kunali kuvomera kuti sadzabweranso.

Usiku wa tsiku lija ndinaunjika masamba, nditangotseka chitseko, ndinamva kaphokoso m'chigafa. Tswa. Kenako tswa. Ndinati akuba awa. Ndinatenga chikwanje n'kuyatsa tochi ya pafoni. Galu wanga anakana kunditsatira, anangoima pakhonde mchira uli m'miyendo.

M'chigafamo munalibe munthu. Koma theka la mulu uja linali litasokedwa, litapachikidwa bwinobwino pamitengo. Ndinagwira chingwe. Mfundo yake inali yamanzere. M'mudzi mwathu monse wamanzere anali Faines yekha. Masamba anali onyowa, chonsecho mvula inali isanagwe sabata yonse. Ndinanyambita chala.

Mchere. Kumapiri kuno, mchere pa fodya!

Mukuganiza kuti ndinathawa? Ayi ndithu. Ndinakhala pansi n'kulira. Mawa lake ndinathyola masamba ambiri, ndinawaunjika pomwepo, ndipo kutada ndinakakhala kunja nditatsamira nsanamira. Tochi sindinayatse, kuopa kumuthamangitsa. Singano inayamba. Tswa. Tswa. Madzi ankadontha pansi ngati akuchokera ku zovala.

Ndinayamba kumuuza nkhani. Za mbuzi yake imene inaswa mapasa. Za Tadala amene saimbanso foni popanda kulira. Sankayankha, koma analipo, ndipo zimenezo zinandikwanira. Fodya wakupsa atachepa ndinayamba kuthyola ndi wosakhwima yemwe, kuti ntchito isathe. Ndimachita nazo manyazi, koma ndinatero.

Usiku wachisanu ndi chinayi singano inaima.

"Bambo a Tadala."

Mawu ake enieni, koma otsika, onjenjemera.

"Ndili pano, mayi a Tadala."

"Munati fodya sadikira, ndiye ndinabwera. Nanga adzatha liti? Ndatopatu ine. Zovalazi sizikuuma."

Ndinati andikhululukire. Ndinanena kangapo, ndikumenyetsa mutu pansanamira. Singano inayambanso, pang'onopang'ono, ngati ya munthu amene zala zake zauma ndi chisanu. Apo ndiye ndinadziona bwino. Ali moyo ndinamuumira mtima chifukwa cha fodya, atamwalira ndikumugwiritsabe ganyu.

Tambala woyamba atalira ndinatsikira kudimba. Ndinasankha nthochi yotalika ngati iye, n'kuidula ndekha. Inali yozizira, yolemera. Ndinaifunditsa jekete langa n'kuinyamula paphewa mpaka kwa mlongo wake wa Faines, malume a Tadala. Amayi opita kumjigo anandiona, anapatuka n'kugwira pakamwa.

Tinaika nthochiyo m'manda tsiku lomwelo, nyimbo zonse zinaimbidwa.

Anthu amanong'onezana kuti a Benjamini mutu unasokonekera, ankasoka okha fodyayo mumdima. Ena amati ayi, amene anagwira masamba aja anaumva mcherewo. Anene zimene akufuna.

Chigafa tsopano chili zii. Mulu wotsala uja unawolera pomwepo, sindinaukhudze. Akuti Faines wapumula, ndipo ndikuthokoza Mulungu. Koma kukada ndimapitabe kukatsamira nsanamira ija. Ndikumusowa mkazi wanga, anthu inu.