Kwathu Ndi Mbali Iti?

A Tshibangu anadzichedwetsa okha, palibe wina woti amunamizire. Anakhala pa Chintheche mpaka mdima, akukangana pafoni ndi mwana wawo Mujinga wa ku Lubumbashi. Mwanayo ankachita kulira kuti zaka khumi ndi zisanu zakwana, abwerere kwawo. Iwo yankho lomwe lija la chaka chilichonse: "Chaka chimodzi chokha, mwana wanga." M'thumba la jekete munali kalata yowonjezera kontirakiti yophunzitsa Chifalansa pasekondale ina kufupi ndi Kande, yoti asaine m'mawa mwake. Munthu imvi mbuu, koma makani ngati a mwana wa sitandade wani.

Minibasi yomaliza inawatsitsa pamsewu wa tala cha m'ma leveni koloko. Kanjira ka kusukulu kamadutsa m'minda ya chinangwa, kenako n'kukhotera pamanda.

Atangolowa m'chinangwamo anamva mapazi kumbuyo. Anaima. Mapazi aja anaima. Anayenda... nawonso anayenda. Anacheuka, osaona munthu.

Pobweza maso kutsogolo, munthu uyu ali chilili pamanda! Bambo wamtali, wovala tayi, zala zili mbee ndi choko. Anawapatsa moni m'Chifalansa chosalala, chimene a Tshibangu anali asanachimve pakamwa pa munthu aliyense kunoko. Akanasangalala, koma thupi lonse linachita tsemwe.

"Mnzanga," anatero bamboyo, "kwathu ndi mbali iti?"

"Kwanu kuti?"

"Anandilozetsa kunyanja. Ndikadzuka ndimangopeza madzi."

Kunalibe mphepo. Koma tayi ija inkauluka...

"Denga la kuchipinda likudonthabe pakona paja?" anafunsanso bamboyo. "Nanenso ndinkati chaka chimodzi chokha."

 A Tshibangu anayatsa tochi ya pafoni. Chinangwa chokhachokha! Pamchenga, zidindo za nsapato zawo zokha.

Mmene inathamangira nkhalambayo, ana ake a fomu folo sakanakhulupirira. Anakagwera pageti, pamene a Killion, mlonda wa sukulu, ankaotha moto pambaula. Atamva zonse, a Killion anavula chipewa.

"Ada, amenewo ndi a Mbarga. Ticha wa Fulenchi wa ku Cameroon, ankakhala nyumba mukukhala inuyo. Anamwalira mu 1998, manda ake ndinakumba nawo ineyo. Abale sanabwere. Ife kuno maliro timagoneka mutu kuloza kumene munthu anachokera, koma Cameroon uja palibe ankadziwa ngati ali uku kapena uku. Akuluakulu anangoti alendo amabwera pasitima, lozetsani kunyanja. Tinalakwa, ada."



A Killion anasonkhezera makala, n'kufunsa mwaulemu, maso ali pansi: "Tsono inu a ticha, poti ndamva kuti mukuwonjezera chaka... kwanu ndi mbali iti? Mutilozeretu."

A Tshibangu anakweza dzanja kuti aloze. Linapita kumapiri, n'kubwerera, n'kumangozungulira mumdima. Sanadziwe. Mantha anawagwira kuposa a pamanda paja.

Dzanja lomwelo linalowa m'thumba, kalata ija n'kugwera pambaula.

"Musavutike, a Killion," anatero. "Ndikadzilozera ndekha, ndili moyo."