Uthenga wa ku Makanjira

Pakhomo pa a Yunus ku Mangochi panali pamtendere. Bamboyo ankagulitsa zitenje mumsika, ndipo ankatha kukugulitsa nsalu imene sumaifuna, iwe n'kuchoka ukuthokoza. Akazi awo, mayi Ajira, ankakazinga mandasi. Zitenje ndi mandasi zomwezo n'zimene zinatumiza mwana wawo Naima ku koleji kukaphunzira za bizinesi.

Maphunziro onse Naima ankawapirira, kupatula limodzi, la kalankhulidwe ka pantchito: kuyankha foni, kusunga uthenga, kufikitsa nkhani yoipa kwa mwini wake. Linkachitika Lolemba m'mamawa, nthawi imene tulo timakoma.

"Iwe, pakamwa atiphunzitse ife?" anatero Hidaya, mnzake wogona naye chipinda chimodzi. "Ine ndinayamba kulankhula mano asanamere. Gona, ndikakusainira."

Anakamusainiradi. Sabata yotsatira Naima anasainira Hidaya. Pofika kumapeto kwa teremu, mayina awo anali ataphunzira zambiri, eni ake ali m'bulangete.

Pa holide, bambo ake anamusiya pabenchi pawo kumsika iwo atapita kumzikiti.

"Kunabwera mayi a ku Nkope aja," anatero atabwerako. "Anati chiyani?"

"Ananena zinazake za nsalu."

"Zinazake. Ku kolejiko mukuphunzira zinazake?"

Mayi ake sanaseke. "Naima, ulesi wakowu tsiku lina udzaliza munthu."

Chaka chachiwiri koleji inamutumiza kukayeserera ntchito pafakitale ina yopanga ayisi wa asodzi. Anamuika pa desiki yolandirira alendo. Pamalopo panali lamulo: ogwira ntchito kumakina ankasiya mafoni awo m'bokosi pageti mpaka masana. Wofuna kuwapeza ankaimbira ku ofesi.

Lachitatu lina, nyengo ya dzinja, foni inalira eyiti koloko itangokwana.

"Asalamu alaikumu. Ndine mlongo wawo wa a Iddi, akumakina aja. Ndili ku Makanjira." Mawuwo anali osasa. "Amayi atisiya mbandakucha. Chonde muwauze akwere lole ya teni koloko. Tiwadikira mpaka swala ya asiri, pemphero la chakumadzulo lija, kupitirira apo mashehe salola."

"Chabwino, mayi."

Naima anali Msilamu, ankadziwa kuti maliro a kwawo sagonera. A Iddi ankawadziwanso, bambo wa imvi amene ankamupatsa moni tsiku lililonse. Koma kumakina kunali kuseri kwa bwalo lamatope, ndipo polowako pankafunika kuvala majombo onunkha mapazi a anthu ena. Komanso akakafika, akayambira pati? Munthu amamuuza bwanji kuti mayi ake amwalira? Zimenezo zinaphunzitsidwa Lolemba lina iye akuliza mkonono.

Abwana anali mu msonkhano. Naima anaimbira Hidaya, n'kumufotokozera zonse.

"Maliro? Usalowerere, mwana iwe. Akayamba kukulirira pamaso utani? Dikira abwana atuluke mu msonkhano, anene okha, ndiwo amalandira zambiri. Taona kaye madiresi ndakutumizira pafoniwa."

Madiresi anali asanu. Naima anawaona onse, lachitatu analiona kawiri. Chitseko cha abwana chinali pafupi, koma sanagogode.

Hafu pasiti naini foni inaliranso.

"Mwawauza achimwene?"

Bodza linatuluka lokha, losalala ngati lophunzira. "Ndawauza, mayi. Anyamuka kale."

"Mulungu akudalitseni, mwana wanga."

Naima anaika foni pansi. Kupita tsopano kukanaulula kuti wanama. Anaganiza zodikira pang'ono kuti apeze mawu abwino. Mawuwo sanabwere. Teni koloko inakwana, n'kudutsa. Abwana anatuluka mu msonkhano, n'kufunsa ngati kunali uthenga uliwonse. Naima anapukusa mutu.

Masana anthu akumakina anakatenga mafoni awo pageti. Posakhalitsa chitseko cha ofesi chinatseguka. A Iddi analowa, majombo akudontha madzi, foni ili m'manja. Sanakuwe. Kukuwa kukanakhala bwino.

"Mwana wanga, foni ya kwathu inabwera nthawi yanji?"

"Cha m'ma eyiti."

"Eyiti." Anayang'ana wotchi ya pakhoma. "Kuchokera pampando wakowo kukafika kumakina, ndi ulendo wa maola angati?"



Abwana anawapezera a Iddi njinga yamoto nthawi yomweyo. Koma msewu wa ku Makanjira m'dzinja sumva za maliro. Anagwa kawiri, pena anakankha. Polowa m'mudzi anakumana ndi amuna akuchokera kumanda, makasu ali paphewa. Mlongo wawo anawalandira ndi mawu owawa pamaso pa anthu: "Munanyamuka m'mawa inu. Munaima kuti, amayi anu akukudikirani?"

Naima anachotsedwa tsiku lomwelo. Kalata imene abwana analembera koleji inali ya mizere inayi, yomveka bwino kuposa chilichonse chimene iye analembapo. Koleji inamulepheretsa. Hidaya atamva anangoti, "Ine ndinangokulangiza, sindinakumange miyendo," ndipo sanaimbenso.

Patapita sabata ziwiri, a Yunus anamutenga mwana wawo kupita naye kwa a Iddi. Munthu wodziwa kunenerera mtengo uja anakhala pamkeka, chipewa chili m'manja, pakamwa pali gwa. Naima anagwada, akulira, n'kunena zonse, ndi za madiresi zomwe.

A Iddi anamuyang'ana Naima.

"Ndakukhululukira, poti Mulungu amafuna choncho," anatero. "Koma amayi anga anatsitsidwa m'manda ndi anthu ena, ine mwana wawo wamwamuna yekhayo ndili m'matope. Pepani wakoyo ndamulandira. Kungoti sangandibwezere Lachitatu lija."

Inu amene muli m'makalasi, imvani. Phunziro limene mukulipeputsa lero lidzakufunani tsiku limene mulibe nthawi yofunsa. Munthu akakupatsani uthenga, dzukani nthawi yomweyo mukaufikitse, ndipo ukakulemerani itanani wamkulu akuthandizeni. Mukachedwa, vomerani kuti mwachedwa. Ulesi unamudyera Naima ola limodzi ndi theka, lole inali isananyamuke. Chimene chinatseka njira yonse ndi bodza.