Kompyuta ya Malemu Wilkins

Inu amene mumapotoza milomo nkhani ya kompyuta ya malemu Wilkins ikangotchulidwa kuchigayo kapena m'minibasi ya ku Lirangwe, khalani chete mumve mpaka pothera, ndipo mukafuna kutsutsa mutsutse mutamva. Ambiri a inu masiku amenewo munkadzitsekera m'nyumba dzuwa likangolowa, n'kufunda mpaka kumutu. Amene anapita dala kukaima pazenera la shopu ya malemuyo anali munthu mmodzi yekha, wamkazinso: mayi Elsie Chimwaza, mayi wa fomu folo yake yokhoza bwino, amene anataipa makalata m'maofesi a mu Blantyre ena a inu musanaone n'komwe kiyibodi.

Wilkins anali ndi kashopu pa Lirangwe, kuseri kwa magolosale oyang'ana msewu waukulu. Ankataipira anthu makalata ofunsira ntchito, kusindikiza mapulogalamu a maukwati, ndi kuika nyimbo m'mamemori khadi. Analinso mphunzitsi wa kwaya kutchalitchi, ndipo mayi Elsie ankaimba alito m'kwayamo. Inamutenga ndi nthenda ya shuga, atagona masabata angapo kuchipatala m'tauni. Anasiya mkazi, Tikondane, ndi ana awiri aang'ono.

Atangoika maliro, a Stanford, mkulu wake wa malemu, anapachika loko wawo pachitseko cha shopu. Anati katundu wa womwalira sakhudzidwa, ngakhale kusesa m'katimo, kufikira tsiku lometa pamene abale adzakhale pansi n'kuona zogawa. Palibe anatsutsa, poti ndi mmene zimakhalira. Choncho zonse zinatsala monga Wilkins anazisiyira tsiku limene anamukweza pakabaza: mpando utapendekeka, kapu ya tiyi patebulo, mapulagi ali m'khoma.

Chinali chaka chija cha mdima, pamene magetsi ankazima tsiku lonse, n'kubwera anthu atagona, n'kuthawanso kusanache.

Woyamba kuona zachilendo anali a Useni, mlonda wa magolosale. Usiku wina akuzungulira kuseri, anaona kuwala kobiriwira kukutuluka pansi pa chitseko cha Wilkins, kopyapyala ngati madzi otayika. Anagwira loko, ali chitsekere. Anaika khutu pathabwa ndipo anamva kachinthu kakung'ung'udza m'kati, mosalekeza, ngati njuchi zili m'mphako. M'mawa atanena, anthu anawaseka kuti nkhalamba yayamba kulota ili chilili.

Usiku wotsatira kunamveka chifuwa. Aliyense wa pa Lirangwe ankachidziwa chifuwa chimenecho, chouma, chobwera kawiri, chimene Wilkins ankatsokomola asanakweze dzanja kuti kwaya iyambe. Kenaka m'shopumo mawu a anthu ambiri anayamba kuimba chapansipansi nyimbo ya pa Pasaka, n'kudukiza pakati, ndipo mawu a mwamuna anati, "Ayi. Tiyambirenso."

A Useni anakalondera kutsidya la msewu. Mayi wina wogulitsa mandasi, amene analawirira mbandakucha kukagwira malo, anasuzumira pampata wa katani ndipo anaona nkhope ya Wilkins ikumuyang'ana mumdima, ikumwetulira, itavala tayi yemwe anamuika naye m'manda. Beseni la mandasi analisiya pomwepo, agalu n'kuchita phwando.

Apa mphekesera inapeza mwini wake. Anthu anayamba kunong'onezana kuti Wilkins sanafe imfa ya Mulungu, koma mkazi wake anamusandutsa ndondocha kuti azimugwirira ntchito usiku. Ena ankati nanga bwanji pamaliro Tikondane sanagubuduke pansi mokwanira. Ena ankati kwawo ku Mdeka kuli agogo ake odziwa zitsamba. Kumjigo, amayi ankachotsa ndowa zawo iye akafika. Ana ake anawathamangitsa pamasewero. Kenaka miyala inayamba kugwa padenga lake kukada. A Stanford analengeza kuti tsiku lometa makina onsewo adzatenthedwa, ndipo mlamu wawoyo adzanyamuka ndi zovala zake zokha, nyumba ndi shopu n'kubwerera kwa eni mbumba.

Madzulo ena Tikondane anafika kwa mayi Elsie atadziphimba chitenje kumutu. Sanavomere mpando. Anakhala pansi pakhonde, nanena motsitsa kuti iye kompyutayo amaiopa ngakhale masana, kuti mwamuna wake anayesa kumuphunzitsa koma zinakanika.

"Anthu akuti ndinapha bambo a ana anga, amayi. Mwina akubweradi. Mwina pali chimene ndinawalakwira."

Mayi Elsie anali atakhala ndi makompyuta zaka zambiri, ndipo ankadziwa chinthu chimodzi motsimikiza: kompyuta siidziyatsa, ndipo ukaiyatsa imaima n'kukufunsa dzina ndi pasiwedi. Popanda zala za munthu siipitirira. Chimenechi ndicho chinawaopsa, pakuti loko anali wa a Stanford, ndipo pasiwedi inapita kumanda ndi mwini wake. Koma mayi Elsie si munthu woonetsa mantha pamaso pa mwana. Anamuuza kuti apite akagoneke ana, iwo akaona okha.

Anapita atavala juzi ndi nsapato za kutchalitchi. A Useni anawaperekeza mpaka pangodya ya golosale n'kukana kupitirira.

"Ine malire anga ndi pano, mayi. Amandilipira kulondera akuba, osati enawo."

Kunali mdima woti dzanja lako sulikuona. Mphepo ya kumapiri inkakweza pepala la pulasitiki n'kulikhwekhwereza pakhoma. Kutali lole inatsika msewu, kulira kwake n'kuzimirira chakumpoto, ndipo pambuyo pake panatsala nkhululu zokha. Mayi Elsie anagwira zitsulo za pazenera, zozizira ngati mpeni, naika diso pampata wa katani. M'kati munalibe kanthu koma mdima ndi fungo la mapepala akale. Anaima mpaka miyendo inachita dzanzi.

Mwadzidzidzi babu la pakhonde la golosale linayaka kumbuyo kwawo, firiji ya m'golosalemo n'kuyamba kunjenjemera. Nthawi yomweyo, osati pambuyo pake, m'shopu munalira kamluzu kamodzi. Sikirini inayera. Panayamba kutsika mizere ya zilembo zoyera pamdima, yothamanga ngati nyerere zosokonezedwa, kenaka inaima. Pansi penipeni, pamalo ofunsa dzina, panalembeka pokha: wilkins. Mayi Elsie anayang'ana kiyibodi m'kuwalako. Palibe batani linatsika. Mpando unali chipendekekere. Sikirini inaphethira, ndipo nkhope ija inadzaza galasi lonse, ndi tayi wake.

Chifuwa chinamveka kawiri. Ndiyeno mawu, apafupi kwambiri, ngati munthu waima kuseri kwa katani:

"Achemwali a Elsie, mwabwera. Zikomo."

Kenaka kwaya inayamba kuimba.

Mmene anafikira kunyumba, mayi Elsie sakumbukira bwino. Koma mutu wa munthu wophunzira sugona ngakhale thupi likunjenjemera. Pofika m'mawa anali atagwira mfundo imodzi: chinthucho chinadzuka limodzi ndi babu. Mzimu wanji wodikira magetsi?

Anakwera minibasi mpaka pa Lunzu, kenaka kabaza wa njinga yamoto kudutsa njira yafumbi yopita ku Chileka, kwa a Athumani, amene ankakonza makompyuta pafupi ndi msika ndipo ndi amene anamugulitsa Wilkins makinawo. A Athumani za imfayo anali atamva, koma za mzukwa ayi. Atamvetsera anavula magalasi.

Anafotokoza kuti Wilkins anabwera ndi kompyutayo atatsala pang'ono kugonekedwa, maso atayamba kale kuchita chifunga. Inali yakale, yoyendera pulogalamu yaikulu yotchedwa Linux, ndipo pulogalamu imene imaima pakhomo n'kumafunsa dzina ndi pasiwedi inkailemetsa. Wilkins anapempha kuti ichotsedwe. A Athumani anaichotsa, n'kulemba mzere umodzi wouza makinawo kuti akangodzuka azilowa okha m'dzina la wilkins, ndi mzere wina woti akalowa azitsekula okha sikirini ya zithunzi ija n'kuyamba kuimba nyimbo zoitanira makasitomala. Anatcheranso kuti magetsi akangobwera, kompyuta iziyaka popanda woidina. Chithunzi cha tayi anachiika Wilkins mwini, ndipo m'gulu la nyimbozo munali zimene ankajambula pophunzitsa kwaya.

Mayi Elsie anafunsa chifukwa chimene munthu angachotsere loko pakhomo la ntchito yake.

"Anati mayi akunyumba akaona bokosi lofunsa pasiwedi amagwidwa mantha," anatero a Athumani. "Anati, ndikapita kuchipatala sindikudziwa za kubwerako. Ndikufuna iwowo akangotsekula chitseko apeze zonse zayaka kale, angokhala pansi n'kuyamba ntchito."

Tsiku lometa abale anasonkhana kutsogolo kwa shopu, ndipo anthu a pamsika anadzaza mpaka kumsewu. A Stanford anali atabweretsa kale botolo la petulo. Mayi Elsie anaimirira osapemphedwa, nati asanatenthe kanthu awalole aitane mzukwawo masana, dzuwa lili paliwombo, aliyense auone. A Stanford anati za m'banja la eni sizifuna masekiletale opuma ntchito.

"Ngati ndi ndondocha, achimwene, siingamvere jenereta. Tsekulani, mukhale inuyo pakhomo, pasalowe munthu," anatero mayi Elsie.

Anthu anang'ung'udza kuti atsekule. A Athumani anali atabwereka jenereta ya kubabashopu, ndipo analumikiza waya wa shopuyo ali panja. Atakoka chingwe, jenereta inatsokomola n'kugwira. M'kati, mopanda munthu, kamluzu kanalira. Mizere inathamanga, dzina linalembeka, nkhope inabwera. Amayi ena anathawira kuseri kwa golosale. A Athumani anazimitsa jenereta, nkhope n'kuzima. Anailizanso, n'kubweranso. Anachita zimenezi mpaka mantha anasanduka manyazi, ndipo pamenepo anabwereza pamaso pa onse mawu amene Wilkins anawauza.

Tikondane analira kulira kumene anthu ankati sanalire pamaliro. A Stanford anayang'ana nkhope ya mng'ono wawo pagalasi nthawi yaitali, kenaka anaika botolo pansi, nachotsa loko pachitseko n'kumuika m'thumba. Mlongo wawo wamkulu ndiye ananena mawu omaliza, kuti mwini wake anagawa kale katundu wake ali moyo, ndipo iwo sangagawenso.

Chinatsala n'kuchotsa dzina. A Athumani anakonzera Tikondane malo akeake m'kompyutamo, natsekula fayilo ya mzere uja. Mayi Elsie anati zotaipa azisiyire eni ntchito. Anawongola mpando wa malemu, nakhalapo, nafufuta zilembo za dzina lake chimodzichimodzi, kuchokera kumapeto. Anavomera pambuyo pake kuti chala chawo, chimene sichinaphonyepo batani m'maofesi onse a mu Blantyre, chinalemera pa chilembo chotsiriza. Analemba: tikondane. Atazimitsa n'kuyatsanso, makinawo analowa okha m'dzina la mkazi wamoyo.

Tikondane anaphunzira. Mayi Elsie ankapita masana alionse kukamuonetsa poika zala, ndipo lero ana aja ali kusekondale ndi ndalama za shopu yomweyo.

Koma masiku ophunzitsawo, Tikondane akatuluka kukagula chakudya, mayi Elsie ankatsekula nyimbo za kwaya zija n'kumamvetsera imodziimodzi. Chifuwa anachipeza. "Tiyambirenso" anamupeza malo ambirimbiri. Anapeza Wilkins akukalipira a tena, akuseka, akufunsa amene watenga choko. Anamvetsera zonse mpaka kutha, n'kubwerezanso, kenaka anapempha a Athumani kuti afufuze ngati pali ina yobisika. Panalibe. Palibe paliponse pamene Wilkins anatchula dzina lawo, ndipo palibe pamene anathokoza munthu chifukwa chobwera. A Useni, atafunsidwa mozungulira, anati iwo pangodya paja anangomva kuimba.

Mayi Elsie sanauze munthu za mawu owatchula dzina aja zaka zonse zimene kompyutayo inali pa Lirangwe, pakuti ankadziwa kuti mawu amodzi okha akanabweza miyala padenga la Tikondane. Anayamba kuinena nkhaniyi makinawo atafa n'kugulitsidwa kwa ogula zitsulo. Ndipo anthu akawafunsa kuti pa ntchito yonseyi anapindulapo chiyani, amawongola msana n'kuyankha mosachotsera kapena kuwonjezera:

"Chitenje chimodzi cha kwa Tikondane, ndowa ya nandolo, ndi nkhuku yaikazi ya kwa a Stanford imene anatumiza osabwera okha. Chinanso n'chakuti kunyumba kwanga, ndisanagone, ndimazula pulagi iliyonse m'khoma, ndipo magetsi akabwera usiku ine ndimakhala ndili maso."