Bokosi la Sewero la ku Kabwata

Amake Lubuto ankaanula zovala pachingwe kuseri kwa mafulatsi a ku Kabwata, dzuwa litapendeka, pamene anamva kulira. Kunali kulira kwa maliro, kuja kochokera m'mimba, ndipo kunkamvekera kuholo yakale ya pafupi ndi msika. Anasiya zovala m'beseni, n'kumanga chitenje, n'kuthamangira komweko ndi amayi anzawo. Atakankha chitseko anapeza bokosi la maliro lili pakati, mnyamata atagonamo, nsagwada zitamangidwa ndi nsanza. Kenako mtembowo unayetsemula n'kuyamba kuseka.

"Ni sewelo chabe, ba mayo," anatero Nicodemus, mkulu wa gululo. "Tipanga pulakatisi."

"Mulila munthu wamoyo?" Amake Lubuto analavula pansi. "Mwaitana imfa kuno kwathu, ndipo izabwela."

Nicodemus ameneyu anali munthu wodzimva, wa mtundu uja woti akalowa muofesi kamodzi amatuluka akuyenda ngati nduna. Gulu lake linapatsidwa ntchito ndi ofesi ina ya boma, yochita sewero lochenjeza za kolera m'misika ya mu Lusaka. Asanayambe anawatengera kumaphunziro ku Woodlands, komwe anawaphunzitsa kusunga nthawi, kulankhula ndi mabwana, komanso lamulo limene Nicodemus analikonda kuposa mkazi wake: sewero lothandizidwa ndi boma sililephereka, choncho aliyense akhale ndi womulowa m'malo. Zonsezo anameza. Koma chimene mwana aliyense amadziwa, choti wamoyo sagona m'bokosi, panalibe mphunzitsi anachitchula.

Atsikana a m'gululo kulira sankakutha, ankangomveka ngati amphaka. Ndiye Nicodemus anakatenga ba Nsofwa, mayi wokalamba woonda ngati bango, amene anamupeza kumsika wa Soweto. Ankadziwika poti sankaphonya maliro, ngakhale a munthu wosamudziwa. Mayiyu anabwera ndi malamulo ake. Bokosi likhale lenileni, ndipo womanga nsagwada ndi kutseka maso a wogonamo akhale iye yekha. Akamadutsa ankasiya fungo la dothi lofiira lokumbidwa kumene.

Woyamba kufa anali Mutale, uja woyetsemula. Anafera m'minibasi ali chikhalire, kondakitala akumugwedeza kuti atsike. Kuchipatala anati si kolera, si mtima, sanapeze kanthu. Osambitsa mtembo okha ndi amene ananong'ona kuti nsagwada zake zinali zitagwirana ngati zomangidwa kale. Mawa lake la maliro Nicodemus anaitana womulowa m'malo, Edmond. Ameneyu sanakhalitse. Mkazi wake anamupeza atagwa pambali pa malaya amene ankasita, ayironi ikuwotcha kolala, maso atatsekeka bwinobwino.

Kabwata yonse inawaukira. Amayi a mumsika anakana kugulitsa ngakhale tomato kwa anthu a sewero. Akamadutsa, ana ankaitanidwa kulowa m'nyumba, ndipo miyala inkagwa pamalata a holo popanda woponya kuoneka. Chakumadzulo agalu ankasonkhana pakhomo pake n'kumauwa moliza, pamene mphepo inkabweretsa kafungo ka nyama yoyamba kuonongeka. Ena ankati mfiti ndi Nicodemus, ena ankati ndi kalipentala wa bokosi. Ba Nsofwa okha ndi amene ankaoneka kuti akukondwa ndi moyo. Masaya anadzaza, khungu linayamba kusalala.

Wotsatira pa mzere wa bokosi anali Yande, mtsikana wa mawu okoma, mkazi wa Chisanga woimba ng'oma m'gululo. Yande anali ataona chinthu chimene chinamusowetsa mtendere. Tsiku lomaliza la Edmond, ba Nsofwa akumumanga nsagwada, anamusisita pakhosi ndi chala chachikulu monga achitira munthu posankha nkhuku, n'kumeza malovu.

"Ba Nico, ine sinizagona mu bokosi muja," anatero Yande.

"Pa Chiwelu tili ku Chelstone. Mabwana onse bazabwela."

"Bantu babili bafa."

"Bantu bamafa, iwe. Ufuna boma ikambe ati ma atisiti ni bana? Ufuna tichite manyazi?"

"Ni ba Nsofwa. Naona na maso yanga."

Nicodemus anaseka chiseko choipa. "Mufiti ni iwe, waulesi. Ukakana, usakabwelenso."

Ba Nsofwa anali pakona akupinda nsanza ija, ndipo sanadzutse mutu.

Kunyumba Yande anagwira mwamuna wake mkono. Anamupempha kuti athawire limodzi kwa amayi ake ku Lilayi mpaka sewero lipite.

"Yenda iwe," anatero Chisanga. "Ine nili chabe ku ng'oma. Bokosi siinikhuza."

"Ulape kuti suzafika pafupi," anatero Yande pomulumbiritsa.

"Nalapa. Manje yenda."

Yande anapita, ndipo kunena zoona mtima wake unakhala pansi. Anadya, anaseka ndi amayi ake, anadziyamikira kuti wapulumuka. Loweruka masana akutsuka mbale panja, fungo la dothi lofiira linamupeza pomwepo, lolemera ngati wina wayima kumbuyo kwake. Anaimba foni ya Chisanga, osayankhidwa. Apa m'pamene anadzifunsa funso limene anayenera kudzifunsa asanachoke: iye atakana, Nicodemus akanagoneka ndani m'bokosi?

Anakwera minibasi ya m'tauni, n'kukweranso ya ku Chelstone, sopo akadali m'manja. Atatsika pamsewu waukulu anamva kulira kwa ba Nsofwa kukuyenda pamwamba pa phokoso la misika ndi mahutala a galimoto. Anatchera khutu kufuna ng'oma. Ng'oma kunalibe.

Khamu linali litazungulira bwalo. Kutsogolo kunali mabwana a boma pansi pa tenti, mafoni m'mwamba akujambula. Ng'oma inali itagonekedwa pambali pa mpando wopanda munthu. Yande anakankha anthu, ena akumutukwana, mpaka anafika pabokosi. Chisanga anali m'menemo, manja pachifuwa, nsanza itazungulira chibwano. Anamuitana. Anamugwedeza. Anamasula nsanzayo, koma pakamwa sipanatseguke, ndipo tsaya linali litazizira kale.

Kulira kumene Yande analira sikunali kophunzitsidwa. Anagwa pabokosi, kugubuduka m'fumbi, kutchula dzina lenileni la mwamuna wake. Anthu a ku Chelstone anaomba m'manja, amayi n'kululuta. Bwana wina anaimirira akupukuta misozi, n'kugwira Nicodemus chanza.

"Uyu mtsikana ali na luso," anatero. "Sabata ya mawa mubweletse ku Kabulonga."

Nicodemus ankamwetulira, koma maso ake anali pabokosi, podikira kuti wogonayo adzuke akagwadire anthu monga anapangana. M'manja munapitirira kulira. Sanadzuke.

Yande anamva dzanja lofunda, lonenepa, likumusisita pamsana. Ba Nsofwa anawerama ngati womutonthoza, maso ali ouma gwa, mpweya wawo ukununkha manda.

"Nenze kufuna iwe, mwana wanga," ananong'ona. "Koma uyu wamene wanitumila ni wonona. Zikomo."

Anadzuka, n'kukonza chitenje chawo, n'kulowa m'khamu. Anthu anawapatukira mwaulemu, ena akuwagwira chanza.