Kasitomala Amene Anabwerera

"Zaka khumi ndi zisanu ndikupukuta nyali za magalimoto, palibe kasitomala anabwerako kudzadandaula. Olo mmodzi!"

Anatero Dokotala wa Nyali pagalaja, akuponya nsanza, sandipepala ndi chitini cha polishi m'chikwama. Udokotalawo anadzipatsa yekha. Sukulu anaithawa isanamuzolowere nkhope. Wowotcherera zitsulo wa pagalajapo, amene ankakhoma geti, anangoyasamula.

"Tamva, adokotala. Kazipitani, alamu angaganize kuti mwapeza wina."

Tsiku limenelo lole ya nyali zinayi inabwera dzuwa litapendeka, ndipo mwini wake anaima pompo mpaka kumapeto, osaphethira. Munthu wotero sungamubere. Galasi la nyali likadyedwa ndi mchenga wa mumsewu limachita chifunga, ndipo kuti liwalenso umalikwecha ndi madzi, kupaka polishi, kupukuta mpaka phewa likutukwane. Koma kasitomala akapita kukagula ndudu, ilipo njira yachidule: timafuta tophikira pansanza, kawiri katatu, galasi mbee! Limawala masiku atatu. Lachinayi fumbi lamamatira, nyali ija yasanduka kandulo. Kabotolo ka mafutako Dokotala sankakasiya.

Mabasi anali atatha. Anauyamba wapansi, msana ukuwawa, zala zitatuwa ndi polishi. Sankaganiza china koma madzi ofunda ndi bedi.

Atafika pamlatho anaona timaso tiwiri tachikasu. Inali takisi yakale yoyera, itaima pafupi ndi chitsulo cha m'mbali. Injini sinkamveka. Pabonetiyo panatsamira bambo wamtali wovala jekete.

"Achimwene," anatero bamboyo, mawu ake otopa kuposa a Dokotala, "sindikuona msewu."

"Tatseka, bwana. Mubwere mawa pagalaja."

"Kwathu akundidikira. Kalekale."

Dokotala anausa moyo, n'kugwada. Mphindi ziwiri basi. Anatulutsa kabotolo kaja.

"Mafuta ayi," anatero bamboyo. "Mafuta munandipaka kale."

Dzanja la Dokotala linaima m'malere. Anayesa kuseka.

"Mwandisokoneza ndi wina, bwana. Tilipo ambiri pantchitoyi."

"Ndinu. Ndinapita kukagula ndudu. Zinawala masiku atatu."

Kabotolo kanabwerera m'chikwama mwaulemu. Anatenga sandipepala yosalala ija, nathira madzi, n'kuyamba kukwecha. Anakwecha zenizeni, monga sanakwecherepo chiyambire. Polishi. Nsanza. Polishi. Thukuta linkadontha pachibwano.

Anapukuta komaliza, nayang'ana.

Chifunga chili pompo.

Anakwechanso. Phewa linkayaka moto. Galasi linasalala ngati mbale yatsopano, koma kuwala kunali komwe kuja, kwachikasu, kodwala. Anayandikiza nkhope... Vuto silinali kunja ayi. M'nyalimo munali madzi. Odzaza! Matope atakhazikika pansi, ndere zitamera m'mbali. Kenako kanthu kanadutsa kuseri kwa galasi.

Kansomba!

Anagwera chagada. Apo m'pamene anaona kuti galimoto yonse ikudontha. Matayala, zitseko, jekete ya bambo uja. Tho... tho... tho... Mvula inali isanagwe mwezi wathunthu.

"Zatheka?" anafunsa bamboyo.

Dokotala anadzuka n'kutola chikwama chake.

"Musafulumire, achimwene. Ine ndili ndi nthawi."

Liwiro! Msana uja unachira pompo. Anathamanga osacheuka, chikwama chikumumenya m'nthiti, mpaka pageti la nyumba yosungiramo katundu kutsidya kwa mlatho, pomwe mlonda wachikulire ankawotha moto wa makatoni.

"Pamlatho... takisi... yoyera..."

Mlondayo sanadzidzimuke n'komwe. Anangosuntha pabenchi kumupatsa malo.

"Wa jekete? Khalani pansi, mupume. Ameneyo anamwalira zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Ndinalipo powavuula, iye ndi galimoto yake. Sanaione kona yolowera pamlathopo, nyali zake zinali ngati za munthu wodwala maso. Anasiya mkazi ndi ana atatu."

Dokotala anakhala pabenchi paja.

"Savuta munthu," anapitiriza mlondayo, akusonkhezera moto. "Amangoima apa n'kufunsa ngati ndikumudziwa amene anamupukutira nyali. Ine ndimati, bambo, ndingamudziwe bwanji? Ndatopa naye, kunena zoona. Zaka zonsezi funso limodzimodzi."

Kenako maso a mlondayo anagwera pachikwama. Zipi inali itatseguka pothamanga paja. Nsanza zinali panja, ndipo kabotolo ka mafuta kankadonthera pansapato ya Dokotala.

"Kodi inu, achimwene, mumagwira ntchito yanji?"

Dokotala ankayang'ana kumsewu. Kuchokera kumlatho, pang'onopang'ono, popanda phokoso la injini, timaso tiwiri tachikasu tinkabwera.