Bwanji Akundikaniza Kalasi ya M'mawa?

Anakumana pageti la koleji, tsiku lofunsa za makosi. Mtsikana woluka tsitsi kusaluni ya akulu ake anali atazunguzika mutu: unamwino, zamagetsi, zamakompyuta, asankhe chiti?

"Chemwali, mwasochera?" anafunsa mnyamata wina wovala ovolosi, wophunzira zamagetsi. "Maso okongola chonchi asamavutike okha."

Anamufotokozera mokoma: satifiketi ndi yachidule, koma dipuloma imatsegula njira ya digiri. Pofika pasiteji ya basi anali atamutcha kale "Kanjiwa kanga".

Chikondi chinayaka, koma ankaonana madzulo okhaokha.

"Ndasankha unamwino, kalasi ya m'mawa," anatero mtsikanayo.

"Ayi, Kanjiwa! Tenga yamadzulo. Aphunzitsi a m'mawa ndi ovuta."

Mawa lake chifukwa chinasintha: "M'mawa malo adzaza." Kenako meseji: "Madzulo ndizikuperekeza, mtima wanga. Ukangomaliza dipuloma, mphete pachala. Ndalumbira!"

Mtima unkavomera, mutu unkakana. Bwanji foni yake imakhala yozima m'mawa? Bwanji akamadutsa pafupi ndi kalasi ya anamwino amamutaya dzanja ngati lamoto?

"Mng'ono wanga," anatero akulu ake uku akupesa kasitomala, "mwamuna wokusankhira nthawi ndiye kuti nthawi inayo ili ndi mwini wake."

Osamuuza mnyamatayo, mtsikanayo anapita kuofesi yolembetsa. Malo a m'mawa analipo, ambirimbiri!

Tsiku loyamba anakhala pafupi ndi mayi wina wansangala, woyembekezera.

"Mwasankha bwino," ananong'ona mayiyo. "Ine bambo akunyumba anandikaniza yamadzulo, eti nthawi imeneyo amatanganidwa kuwekishopu. Amaphunzira konkuno. Si awo, andibweretsera madzi omwe ndinaiwala!"

Pakhomo panaima mnyamata uja. Kumwetulira kunamuumira pamilomo, botolo linagwa pansi.

"Mukudziwana?" anafunsa mayiyo.

Misozi inatentha m'maso mwa mtsikanayo. Anayang'ana mimba ija, kenako mnyamatayo, amene maso ake ankapempha chifundo. Anene? Abise?

"Afunseni eni ake, mayi," anatero mtsikanayo. "Afunseni kuti wekishopu yamadzuloyo ili pati."

Mphunzitsi analowa. "Amene si wa kalasi ino atuluke!"

Mnyamatayo anatuluka chobwerera m'mbuyo, kukamwa kuli yasa. Mayi uja sanamuitane. Anangosendera pafupi ndi mtsikanayo, namugwira dzanja pansi pa desiki.