Mayina Asanu ndi Awiri pa Khomo la Mavoti

Bambo Zakeyu anali ndi kamwambo kamene alonda anzawo ku Vosloorus, mu Joni, ankaseka nako mpaka kugwira nthiti. Akafika pa ntchito madzulo ankaima njo, kuchita sawatcha, n'kuitana mayina asanu ndi awiri a amuna akumudzi kwawo ku Zomba amene anafera kunkhondo ya ku Burma. Loyamba linali la bambo awo.

"Akuyankhani lero, madala?" anzawowo ankatero. Iwo osalabada.

Mu Epulo 1994 anawaika pa holo ya tchalitchi momwe munagona mabokosi a mavoti, poti anthu ankapitiriza kuvota m'mawa mwake. Kutada, apolisi awiri amene anali nawo anaitanidwa kuhositela, nyumba zogonamo amuna apantchito, komwe mfuti zinkalira. Mkuluyu anatsala yekha, chibonga ndi tochi basi.

Kenaka galimoto, yozima magetsi. Inaima pageti. Munatuluka amuna asanu, wina atanyamula chigubu. Fungo la petulo linafika iwo asanafike.

"Suka, madala!" anakuwa m'Chizulu wachigubuyo, kuwathamangitsa.

Mantha, abale! Komatu m'mabokosimo munali voti yawo yoyamba chibadwire, atatha zaka makumi atatu mu Joni, ndi mavoti a amayi amene anapsa ndi dzuwa pamzere tsiku lonse. Zonsezo zisanduke phulusa? Chochita anachisowa, koma pakamwa panachita zimene panazolowera.

"Peterson Malunga!"

"Ndilipo!"

Mawuwo anachokera kumbuyo kwawo, pomwe panali khoma lokha. Tsitsi linaima.

"Twalibu Mdoka!"

"Ndilipo!"

Anapitiriza. Dzina lililonse, yankho. Kunamveka majombo, di! di! di! kufola mbali iyi ndi iyo ya khomo, ndi fungo la matope a mvula, chonsecho kunali gwa. Atatchula lachisanu ndi chiwiri anakhala chete, koma oyankha sanaleke. Ena m'Chizulu, ena m'Chisutu, mzere kumka kutali kuseri kwa holo.

Wachigubu uja anayang'ana pamwamba pa phewa la Bambo Zakeyu, kukamwa yasa. Chigubu pansi phi! Onse asanu liwiro la mtondo wadooka, galimoto kuisiya ikulira.

Mkuluyu sanacheuke. Anaima chomwecho, dzanja pachipumi, misozi ili chuchuchu, mtima utadzaza chimwemwe, mpaka kunja kunayera.

M'mawa mzere unafika kumsewu, manong'onong'o ali ponseponse. Ena ankati amene anathamangitsa achiwembuwo anali asilikali a boma. Ena ankati bodza, asilikaliwo anagona kuhositela. Mayi Clara, Mmalawi wogulitsa mandasi amene nyumba yawo inayang'anizana ndi holoyo, anawakokera pambali.

"Ndinamva ndi makutu angawa, achimwene. Anali angati?"

"Ine ndinaitana akwathu okha," anatero Bambo Zakeyu, akutsekula geti kuti anthu alowe. "Enawo anabwera kudzalondera mavoti a ana awo. Lowani, mayi, mukavote."